Mawu kwa mwana wa ku Chiuta amene masamu amukoma

Pasukulu ya sekondale iliyonse, kaya ndi ku Insaca kaya ndi tsidya linali kwa Ngokwe ndi ku Chikweo, sipalephera kupezeka mwana mmodzi amene aphunzitsi akamaliza kulemba yankho pabolodi iye sakhutira. Anzake akopera kale m'makope, ena ayamba kuyasamula, iye dzanja lili m'mwamba: "Koma aphunzitsi, tadziwa bwanji kuti zimatero nthawi zonse?" Ana otere amatopetsa, ndipo ambiri amapatsidwa mayina achipongwe. Ngati mwana ameneyo ndiwe, takhala pansi mwana wanga, ndikuuze za ntchito imene anthu amalandira malipiro chifukwa cha funso lomwelo. Ndikuuzanso zowawa zake, poti alendo amene amabwera kudzakulimbikitsani pa tsiku lotsekera sukulu zimenezo sazitchula.

Ntchitoyo amaitcha formal verification, ndipo kagawo kake kamene ine ndameramo imvi ndi ka hybrid systems. Mayinawo asakuopse. Kompyuta imachita zinthu modumphadumpha: tsegula, tseka, manga buleki, masula. Koma chinthu chimene ikulamulacho, kaya ndi sitima, ndege, madzi a m'damu kapena shuga wa m'magazi a wodwala, sichidumpha. Chimasintha mosalekeza, ngakhale pa kanthawi kamene kompyutayo ikuganiza kaye. Makina amene ali ndi mbali ziwiri zimenezi ndiwo hybrid system. Ife timalemba khalidwe la makina otere m'chinenero cha lojiki, kenako n'kupereka umboni wa masamu wakuti ngozi yakutiyakuti singachitike. Umboniwo sukhala wongokhutiritsa anzathu pakamwa ayi. Timaulemba moti kompyuta ina iuwerenge mzere ndi mzere, ndipo ikapeza podumphidwa iukane.

Chitsanzo chili pakhomo pako pomwepo. Njanji yochokera ku Nayuchi imalowa m'boma la Mecanhelas pa Entre Lagos, pakati pa Chiuta ndi Chilwa, n'kulowera ku Cuamba mpaka kudoko la Nacala. Njira imeneyi inalumikiza Malawi ndi Nacala mu 1970, ndipo m'zaka za m'ma 2010 anaikonzanso kuti izinyamula malasha a ku Moatize pa mtunda wopitirira makilomita 900. Tiyerekeze kuti sitima yodzaza malasha ikuthamanga makilomita 60 pa ola, amene ndi mamita pafupifupi 17 pa sekondi. Tiyerekezenso kuti mabuleki ake amachotsa mamita 0.2 pa liwiro limenelo sekondi iliyonse. Masamu a kusekondale akuuza kuti mtunda woimira ndi liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo, kugawa ndi mphamvu ya buleki yowirikiza kawiri. Yankho likubwera pafupifupi mamita 700. Liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo uwirikiza kanayi. Mpaka pamenepa mwana aliyense wakhama afikapo.

Tsopano ikamo kompyuta yoti izimanga mabuleki yokha ngati dalaivala wachedwa. Kompyutayo siona njanji nthawi zonse. Tinene kuti imawerenga masensa ake pa theka lililonse la sekondi. Pakati pa kuwerenga kumodzi ndi kwina sitima yayenda mamita opitirira 8 popanda woiyang'ana, ndipo ngati injini inali kukoka, liwiro lakweranso. Ndiye funso la kompyutayo silingakhale lakuti "kodi ndingathe kuima pano?" Liyenera kukhala lakuti "ndikailola kuti ithamange theka lina la sekondi ndi mphamvu yake yonse, kodi pamenepo ndidzathabe kuima ndisanafike pamalire?" Apa ndi pamene pali mtima wa ntchito yathu. Timafunafuna chiganizo chimodzi chimene chiyenera kukhala choona nthawi zonse, monga chakuti mtunda wotsala sucheperapo mtunda woimira. Tikachipeza timasonyeza kuti ndi choona ulendo ukamayamba, kuti palibe chisankho cha kompyuta chimene chingachiphwanye, komanso kuti sitima ikamayenda yokha pakati pa zisankho ziwiri sichiphwanyika. Zitatuzi zikagwira, zagwira pa ulendo wa mphindi imodzi ndi wa zaka makumi awiri omwe. Chiganizo chotere timachitcha invariant, ndipo kuchipeza kungakudyere mwezi wathunthu ukungoyang'ana pepala.

Wina adzakufunsa kuti bwanji osangoiyesa sitimayo panjanji. Kuyesa n'kofunika, ndipo munthu wa nzeru sakunyoza. Koma ukayesa kachikwi waona maulendo chikwi basi, pamene pakati pa liwiro la 59 ndi 60 pali maliwiro osawerengeka, ndipo lililonse lingakumane ndi mtunda uliwonse pa kamphindi kalikonse. Ngozi zimabisala m'timipata totere.

Wina adzafunsanso kuti bwanji kompyuta isadzitsimikizire yokha, ife tikagone. Alan Turing anasonyeza kale mu 1936 kuti pali mafunso okhudza mapulogalamu amene palibe makina angawayankhe onse. Rajeev Alur, Costas Courcoubetis, Thomas Henzinger ndi Pei-Hsin Ho atafalitsa njira yolembera makina athuwa yotchedwa hybrid automata mu 1993, sipanapite nthawi, mu 1995 Henzinger ndi anzake ena anasonyeza kuti ngakhale pa makina ooneka ngati achibwana, funso lakuti "kodi angafike pangozi?" lilibe njira imodzi yoliyankhira nthawi zonse. Kwa ena imeneyi ndi nkhani yogwetsa ulesi. Kwa ife ndiyo imatidyetsa, chifukwa nzeru ya munthu ikufunikabe. Chipepeso chinachokera kwa Alfred Tarski, amene anali atasonyeza kuti mafunso a kuphatikiza, kuchulukitsa ndi kuyerekeza kukula kwa manambala oyezera (real numbers) makina angathe kuwagamula, ndipo George Collins anapereka njira yochitira zimenezo mu 1975, ngakhale kuti imachedwa koopsa manambala osadziwika akachuluka. Pamaziko amenewa André Platzer, pomaliza PhD yake ku Oldenburg mu 2008, anamanga lojiki yotchedwa differential dynamic logic ndi pulogalamu ya KeYmaera. Mu 2009 iye ndi Jan-David Quesel anaigwiritsa ntchito pa ndondomeko yolamulira sitima za ku Ulaya ya ETCS, pa vuto lofanana ndi limene ndakuonetsa pamwambapa. Mu 2015 gulu lake linapenda ACAS X, njira yatsopano yopewetsa ndege kuombana m'mwamba, ndipo linapeza malo ena pamene malangizo ake sanali otetezeka. Anthu a ku France anali atasonyeza kale kuti izi si zam'mabuku zokha: sitima zopanda dalaivala za Ligne 14 ku Paris zinayamba kuyenda mu 1998 ndi mapulogalamu opangidwa mwa njira ya B ya Jean-Raymond Abrial.

Nayi tsono mfundo imene ndikufuna uisunge kuposa mayina onsewa. Bwerera pa sitima ija. Nambala ya 0.2 ija anakuuza ndani? Ndinangoti "tiyerekeze", iwe n'kuvomera. Mvula ikagwa njanji n'kuterera, kapena pakakhala chitsikira, mphamvu ya buleki ikatsika ndi theka, mtunda woimira suli 700 ayi, uli pafupifupi 1,400. Umboni wako ukadali wolondola mzere uliwonse, kompyuta yauvomereza, koma sitima yapitirira. Umboni uliwonse umayamba ndi mawu akuti "ngati": ngati mabuleki ali chonchi, ngati sensa sinama kupitirira apa, ngati uthenga ufika m'kati mwa nthawi yakuti. Munthu wachabechabe pantchito yathu amabisa ma "ngati" amenewa kumapeto kwa pepala m'zilembo zazing'ono. Katswiri amawaika poyera, nawatchula mmodzimmodzi, nafunsa amene amagwira makinawo ngati alidi oona.

Ngozi zazikulu zimene timaphunzitsa zinalowera pamenepa. Pa 4 Juni 1996 roketi ya Ariane 5 inaphulika patangotha masekondi pafupifupi 40 inyamukire ku Kourou. Pulogalamu imene inalephera anaitenga ku Ariane 4, kumene inkagwira bwinobwino, poti pa roketi yakaleyo nambala ina yokhudza liwiro la cham'mbali sinkakula kupitirira malo ake osungira a 16 bits. Roketi yatsopano inali yothamanga kwambiri. "Ngati" wakale anatha mphamvu osadziwika. Pa 10 Malichi 2019 ndege ya Ethiopian Airlines, ya mtundu wa Boeing 737 MAX, inagwa pafupi ndi Bishoftu patangopita mphindi 6 ichokere ku Addis Ababa, ndipo anthu onse 157 anafa. Pulogalamu ya MCAS inkadalira sensa imodzi yokha pa nthawi imodzi. Sensayo itanama, pulogalamu inkakankhira mphuno ya ndege pansi. Kwathu kuno tili ndi chilonda chathu, ngakhale munalibe kompyuta. Pa 25 Meyi 2002 ku Tenga, m'chigawo cha Maputo, mabogi a anthu amene anasiyidwa pachitsikira atatsekeredwa ndi miyala kumawilo anatsetsereka n'kukaomba mabogi a simenti, ndipo anthu oposa 190 anataya miyoyo. Penapake munthu anaganiza kuti miyala igwira, ndipo panalibe womufunsa kuti wadziwa bwanji.

N'chifukwa chake Stefan Mitsch ndi Platzer mu 2014 anatulukira njira ya ModelPlex, yotenga ma "ngati" a mu umboni n'kuwasandutsa mlonda woyenda ndi makinawo, kuti dziko lenileni likasiyana ndi la papepala, makina athawire msanga ku njira yotetezeka. Ine ndimaiona kuti ndi imodzi mwa nzeru zoona mtima kwambiri m'gawo lathu.

Pano ndi pamene mwana wa ku Chiuta ali ndi kanthu kamene mnzake wa ku Ulaya alibe. Wolemba umboni ku Ulaya nthawi zambiri amatenga ngati zachidziwikire kuti magetsi sazima, netiweki ilipo, njanji yatchingidwa ndi mpanda, sensa ikafa mawa lomwelo aika ina. Iwe ukudziwa kuti mbuzi, ana asukulu ndi wakabaza wonyamula matumba a mpunga amadutsa panjanji pamene afuna. Ukudziwa kuti batire la sola limabedwa. Unaona chimene namondwe Freddy anachita m'Malichi 2023, kuti madzi angafike pamene agogo sanawaonepo. Makina ofunika umboni m'chigawo chathu alipo: zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde, zimene kuyambira 1965 zimalamula madzi a mu Shire opita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, mawaya a magetsi ochokera ku Cahora Bassa kupita ku Apollo ku South Africa, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400, timagetsi ta sola ta m'midzi timene timasinthana pakati pa batire ndi jenereta. Palinso vuto la kulumikiza zinthu ziwiri zimene chilichonse payekha chili bwino. Asodzi a tsidya la Malawi m'zaka za m'ma 1990 anapanga makomiti awo n'kuthamangitsa makoka a nkacha pa Chiuta, lamulo labwino ndithu, koma nyanjayi ndi ya mayiko awiri ndipo makumba sadziwa malire. Lamulo la mbali imodzi linkadalira zimene mbali inayo sinalonjeze. Makinanso amatero. Utha kutsimikiza chipangizo ichi payekha, icho payekha, koma ngati chimene china chikuyembekeza sichimene chinzake chikulonjeza, ukazilumikiza umboni wonse wagwa.

Koma ndikuchenjeze. Kudziwa kwanu si digiri. Owunika mapepala a kafukufuku sakupatsa malo chifukwa unabadwira kutali ndi tara. Amafuna masamu atsopano. Vuto lakwanu likupatse funso. Yankho lake uyenera kulikhetsera thukuta ngati wina aliyense.

Njira yake tsono. Usayembekeze kupeza digiri yolembedwa dzina la ntchitoyi ku Lichinga, ku Nampula kapena ku Zomba. Tenga masamu, sayansi ya kompyuta kapena uinjiniya wa zamagetsi kulikonse kumene chitseko chatseguka: ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, ku UniRovuma, ku UniLúrio imene uinjiniya wake uli ku Pemba, kapena kwa amene ali ndi mapepala a tsidya linali, ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo. Dzina la sukulu lisakusowetse tulo. Chovuta n'chakuti ntchitoyi imafuna maphunziro awiri amene m'mayunivesite ambiri amakhala m'madipatimenti osalankhulana. Amasamu ndi mainjiniya adzakupatsa calculus ndi differential equations, koma lojiki adzangoinunkhiza. Akompyuta adzakupatsa mapulogalamu ndi lojiki pang'ono, koma ambiri a iwo calculus anaithawa dala. Mbali imene sakupatsa ukaitole wekha. Kalowe m'kalasi la dipatimenti inayo ngakhale silikupatsa malikisi. Aphunzitsi ambiri sakaniza mwana wopempha mwaulemu.

Ndipo phunzira kulemba umboni, osati kuloweza njira zopezera yankho. Sukulu zathu, za mbali zonse ziwiri za nyanja, zimapereka mphotho kwa woloweza. Ndaona ana amene anakhoza mayeso onse ndi mapointi apamwamba atafika pa masters akulira, chifukwa kwa nthawi yoyamba funso linalibe chitsanzo choti atengere.

Chingerezi usachichedwetse. Chipwitikizi chidzakufikitsa ku Maputo, ku Lisboa kapena ku Brazil, ndipo kumeneko kuli akatswiri. Leonardo de Moura, amene anayambitsa pulogalamu yowunika maumboni ya Lean mu 2013 komanso anali mmodzi mwa opanga pulogalamu ya Z3, ndi wa ku Brazil. Koma pafupifupi mapepala onse a ntchitoyi amalembedwa m'Chingerezi. Iwe wokulira m'malire uli ndi mwayi: wayilesi za ku Malawi zimamveka kwanu, mabuku akale a Chingerezi amapezeka m'misika ya tsidya linali. Werenga tsiku lililonse, ulembenso. Pantchito yathu munthu wolemba mosamveka amaganiziridwa kuti amaganizanso mosamveka, ndipo nthawi zambiri oganizawo salakwitsa.

Ubwino umodzi wa gawo lino ndi wakuti silifuna labotale ya mamiliyoni. Laputopu yakale, kope ndi bando ya intaneti zikwanira kuyambira. Mabuku a Software Foundations, amene Benjamin Pierce analemba ndi anzake, ali pa intaneti ulere ndipo amakuphunzitsa kutsimikiza mapulogalamu pogwiritsa ntchito Coq, imene tsopano ikutchedwa Rocq. Kevin Buzzard wa ku Imperial College London ndi wophunzira wake anapanga Natural Number Game, kamasewera kophunzitsa Lean kuyambira pa ziro. Buku la Platzer la 2018, Logical Foundations of Cyber-Physical Systems, lili ndi makanema a maphunziro ake aulere, ndipo KeYmaera X nayonso salipiritsa. Ukapeza netiweki yabwino koperatu zonse, poti kwathu mawa sadziwika. Makompyuta oyankha mafunso amene atchuka masiku anowa uwagwiritse ntchito ngati ufuna, koma amatha kukulembera umboni wooneka bwino koma wabodza mosaphethira. Woweruza akhale Lean kapena Rocq, osati kukoma kwa chiganizo.

Ukamaliza digiri yoyamba, yang'ana ku AIMS, sukulu ya masamu imene Neil Turok anayambitsa mu 2003 ku Muizenberg pafupi ndi Cape Town, yomwe tsopano ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Osankhidwa amalipiriridwa zonse, ndipo chofunika kuposa digiriyo n'chakuti aphunzitsi amachokera m'mayiko ambiri, ndiye kalata yokuchitira umboni imachokera kwa munthu amene dzina lake limadziwika kumene ukufunsira PhD. Carnegie Mellon ili ndi nthambi ku Kigali. Ku Stellenbosch kuli mwambo wa kafukufuku wotsimikiza mapulogalamu. Willem Visser, amene anathandiza kumanga Java PathFinder ku NASA, anaphunzitsa kumeneko. Pali masikolashipu a DAAD a ku Germany, ndipo poti Mozambique analowa mu Commonwealth mu 1995, a bungwe limenelonso ndi ako. Ku Germany ndi ku Netherlands ophunzira PhD ambiri a zamakompyuta amalembedwa ngati antchito, n'kumalandira malipiro pamwezi. PhD yoti ulipire wekha pa gawo lino usaivomere, ndipo makolo asagulitse munda chifukwa cha iyo.

Pa PhD susankha yunivesite, umasankha munthu. Woyang'anira kafukufuku wako adzagwira moyo wako zaka zinayi, zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Usanamulembere werenga mapepala ake awiri kapena atatu, ngakhale umve theka lokha. M'kalata yako usayambe ndi umphawi wakwanu kapena kumutamanda ngati mfumu. Muuze chimene wawerenga, pamene sunamve, ndi kanthu kamene watsimikiza wekha mu Lean kapena KeYmaera X, umutumizire failo aone. Makalata ongoti "ndimakonda kwambiri gawo lanu" amalandira ambirimbiri ndipo sawayankha. Akakuvomera, usathamangire kusangalala. Lembera ophunzira ake akale uwafunse ngati amapezeka, ngati amawerenga zimene wamupatsa, ndi kumene iwo anathera. Safunsa anadya phula. Ndinaonapo mnyamata wanzeru kuposa ine akutha zaka pansi pa pulofesa wotchuka amene ankamuona kamodzi pa miyezi ingapo, mpaka ndalama zinatha digiri isanatuluke.

Atsikana, mawu awa ndi anunso, ndipo mwina kuposa anyamata, poti kwathu amene amayamba kuuzidwa kuti sukulu yakwana ndi inu. Nancy Lynch wa ku MIT, Claire Tomlin wa ku Berkeley ndi Marta Kwiatkowska wa ku Oxford ali m'gulu la amene anaumba gawo lino. Lamulo la Mozambique la 2019 limaletsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18. Wokukakamiza akuphwanya lamulo, ngakhale akhale malume ako.

Tsopano zowawa. Pa sayansi ya kompyuta mbiri ya munthu imamangidwa pa mapepala olandiridwa kumisonkhano monga CAV ndi HSCC, ndipo okanidwa amachuluka kuposa olandiridwa. Udzagwira ntchito chaka chathunthu, anthu atatu osadziwika mayina n'kukulembera kuti palibe chatsopano. Lira usiku umodzi, m'mawa uwerengenso. Kawirikawiri mmodzi mwa atatuwo amakhala atanena zoona. Pepala likalandiridwa, viza ingakanidwe, anzako n'kukaliwerenga m'malo mwako. Ukamaliza PhD sikuti ntchito yokhazikika ikudikira: pamabwera makontirakiti a zaka ziwiri kapena zitatu, dziko ili lero, lina mawa, ndipo mipando ya upulofesa ndi yochepa poyerekeza ndi oifuna. Werengera wekha: zaka 4 za digiri yoyamba, 1 kapena 2 za masters, 4 mpaka 6 za PhD. Anzako amene analowa uphunzitsi kapena bizinesi ya nsomba ndi mpunga adzakhala atamanga nyumba za malata, iwe ukadali ndi chikwama chimodzi. Kumudzi adzamva kuti uli ku Ulaya, ndipo foni sidzasiya kulira: fizi, chipatala, maliro, feteleza. Ndalama ya wophunzira imakwana munthu mmodzi wodziletsa. Chita ndi moyo wako chimene timachita ndi makina: tchula ma "ngati" ako poyera. Khala pansi ndi makolo ndi amalume usananyamuke, uwauze zaka zake, uwauze kuti udzatha kutumiza zingati ndipo zoposa apo sudzatha. Adzakhumudwa tsiku limenelo, koma ndi bwino kuposa kudzakutcha wodzikonda kwa zaka khumi.

Kubwerera kwathu nakonso kuli ndi zake. Pa yunivesite ina imene sindiitchula dzina, ndinapatsidwa makalasi odzaza mpaka ena kukhala m'mawindo, mapepala a mayeso milumilu, ndi misonkhano ya makomiti yosatha. Nthawi ya kafukufuku inali usiku, magetsi akakhalapo. Mayesero aakulu kumeneko si ulesi ayi, ndi mawekishopu a kunyanja okhala ndi alawansi, ndi maganyu olemba malipoti a mabungwe. Amalipira msanga, ndipo munthu wokhala ndi ana sungamuweruze. Koma zaka zitatu zikatha chonchi, anzako akunja asiya kukulembera ndipo iwe sungathenso kuwerenga mapepala atsopano. Ngati wabwerera, sunga tsiku limodzi pa mlungu limene supezeka kwa aliyense, sunga mnzako mmodzi wakunja wolemba naye, ndipo phunzitsa lojiki bwino ngakhale kwa ana asanu okha. Woyamba kubweretsa phunziro m'dziko sakhala ndi wokambirana naye kufikira atamuphunzitsa yekha.

Ukaona kuti za upulofesa sizikutheka, si manyazi. Kuyambira pamene cholakwika cha kugawa manambala mu Pentium chinadyera Intel madola 475 miliyoni mu 1994, makampani opanga tchipisi ta makompyuta amalemba anthu a luso limeneli. Amazon ili ndi magulu a akatswiri a lojiki, Airbus imagwiritsa ntchito pulogalamu ya Astrée popenda mapulogalamu oulutsa ndege, ndipo makampani a masiginolo a njanji monga Alstom ndi Siemens amadalira njira zomwezi. Ambiri amene ndinaphunzira nawo ali kumeneko, ndipo amagona tulo tabwino kuposa ife.

Chimene sindikufuna ndi chakuti ulowe chifukwa cha dzina lakuti dokotala kapena chifukwa cha ndege. Ntchitoyi masiku ambiri ndi kukhala wekha ndi umboni umene ukukana kutseka, kompyuta ikukuuza mobwerezabwereza kuti mzere wakutiwakuti sukutsatira. Ena zimenezi zimawapsetsa mtima, ena zimawakoka. Dziyese usanawononge zaka. Chaka chino chisanathe, tenga kope utsimikize wekha, popanda kuonera, kuti ukaphatikiza manambala osagawika ndi 2 motsatana kuyambira pa 1, monga 1, 3, 5, 7, yankho nthawi zonse limakhala kuchuluka kwa manambalawo kuchulukitsa ndi kuchuluka komweko. Osati pa zitsanzo khumi, koma pa onse. Ukatero pita pamene pali netiweki, ubwereke laputopu ngati ulibe, umalize Natural Number Game mpaka kumapeto. Zikakutopetsa, kalembetse uinjiniya, udokotala kapena ulimi ku Cuamba ndi mtima woyera, dziko likuwafuna anthu amenewo mwina kuposa ife. Koma ukapeza kuti nsima yazizira iwe ukadali pa kope, yamba lero kuphunzira Chingerezi mwakhama, ndipo mlungu uno ukauze makolo ako kuti sukulu yako idzatenga zaka pafupifupi khumi kapena kuposerapo.